Kuchuna ma qubit, ntchito imene mitu ya nkhani imailumpha

Pa 4 Disembala 2023, kampani ya IBM inaonetsa zipangizo ziwiri zatsopano pamsonkhano wake mumzinda wa New York. Chimodzi, chotchedwa Condor, chinali ndi ma qubit 1,121. Chinacho, chotchedwa Heron, chinali ndi 133 okha. Mitu ya nkhani m'mayiko ambiri inathamangira kwa Condor, poti nambala yopitirira 1,000 imakoma kuitchula. Koma mainjiniya a IBM eniakewo, pomanga makina awo atsopano a System Two ku Yorktown Heights, anaikamo ma Heron atatu. Condor inali umboni woti chip yaikulu motero ingathe kupangidwa. Yodalirika pantchito inali Heron, imene kampaniyo inati imalakwitsa mochepa, mpaka kasanu, poyerekeza ndi chip yawo yakale ya Eagle.

Zimenezi zikanayenera kusintha kalembedwe ka nkhani za makompyuta a quantum. Komabe mpaka lero, kampani ikalengeza makina atsopano, anthu amayamba ndi kufunsa kuti muli ma qubit angati. Funsoli n'losavuta, ndipo yankho lake silinena zambiri. Pagona nkhani ndi apa: ma qubit amenewo akukhala bwanji ndi anzawo oyandikana nawo, ndipo akusunga uthenga kwa nthawi yaitali bwanji usanafafanizike? Zonse ziwirizi zimadalira kwambiri ntchito yosatchuka, yodya nthawi, imene atolankhani saijambula: kuchuna frequency ya qubit iliyonse.

Kompyuta wamba, ngakhalenso foni ya m'manja, imasunga chilichonse m'tizigawo totchedwa ma bit, ndipo bit imakhala 0 kapena 1. Qubit imatha kukhala 0, kukhala 1, kapena kukhala mumkhalidwe wosakanikirana wa ziwirizi. Ma qubit angapo amathanso kumangana moti sungafotokoze za imodzi osatchula inzake. Mphamvu ya makinawa imachokera pamenepo, ndipo pomwepo ndi pamene amafookera. Mkhalidwe wosakanikiranawo suchedwa kutha. Kutentha pang'ono, mphamvu ya maginito yosochera, kapena kachilema kakang'ono m'chitsulo, n'zokwanira kuufafaniza. Kufafanizika kumeneku akatswiri amakutcha decoherence.

Ma qubit a IBM ndi Google ndi a mtundu wotchedwa transmon, umene unatulukira ku yunivesite ya Yale mu 2007. Ndi kanjira kakang'ono ka magetsi kojambulidwa ndi chitsulo pa chip. Chip imeneyi amaiika m'furiji yapadera yozizira mpaka kutsala pang'onong'ono kufika pa madigiri 273.15 pansi pa ziro, pamene ndi pothera pa kuzizira konse. M'furijimo mumazizira kuposa kutali m'mlengalenga kumene kulibe nyenyezi. Pa kuzizira kotere chitsulo monga aluminiyamu chimadutsitsa magetsi popanda chotchinga chilichonse, ndipo magetsi a mu transmon amagwedezeka uku ndi uku maulendo pafupifupi 5 biliyoni pa sekondi imodzi. Kuchuluka kwa maulendo amenewa ndiko frequency, ndipo apa ndi pafupifupi 5 GHz, m'dera lomwe WiFi imagwiritsanso ntchito. Injiniya akafuna kulamula qubit kuti ichoke pa 0 kupita pa 1, amaitumizira mafunde a microwave ofanana ndi frequency yake. Akalondola, qubit imamvera. Tsoka lake n'lakuti china chilichonse chokhala pa frequency yomweyo chimamvanso, ndipo chimayankha.

Amene anamvapo mawailesi awiri akulowerana pa FM akulidziwa vutoli. N'chifukwa chake bungwe la MACRA limagawira wailesi iliyonse malo ake, motalikirana ndi inzake. Pa chip ya quantum mainjiniya amagawa malo chimodzimodzi, koma malowo ndi ochepa, ndipo transmon iliyonse imadya malo oposa amodzi. Pamwamba pa 0 ndi 1, transmon ili ndi sitepe yachitatu imene mainjiniya safuna kuti ikwerepo, ndipo mafunde oikwezera pamenepo ali pansi pa frequency yake yeniyeni ndi ma MHz 200 kapena 300 okha. Choncho qubit yoyandikana nayo iyenera kupewa frequency yeniyeniyo, ipewenso ya sitepe yachitatuyo. Ikapanda kupewa, uthenga umadontha kupita kumene kuwerengera sikuufikira.

Zikanakhala kuti fakitale imapanga qubit iliyonse monga mmene pulani yanenera, nkhani ikanathera pa kugawa bwino malo. Sizili choncho. Frequency ya transmon imachokera pa kachigawo kotchedwa Josephson junction, kotengera dzina la Brian Josephson, amene anafotokoza kagwiridwe kake ka ntchito mu 1962 ali wophunzira wa zaka 22 ku Cambridge. Kachigawoka ndi timizere tiwiri ta aluminiyamu tolekanitsidwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri, kochindikala ma atomu owerengeka. Palibe makina amene angayale kakhungu kotere mofanana ndendende pa ma qubit onse. Kakhunguka kakasiyana ndi 2 peresenti pa mmene kamatchingira magetsi, frequency imasuntha ndi pafupifupi 1 peresenti, ndipo 1 peresenti ya 5 GHz ndi ma MHz 50. Kusuntha kumeneku n'kokwanira kugwetsera qubit m'malo a inzake. Pa chip ya ma qubit asanu mwayi umatha kukuthandiza. Pa chip ya ma qubit 100, kuti onse apewane mwangozi n'zosayembekezereka, ndipo ma chip ambiri otuluka m'fakitale angakhale otaya.

Apa makampani awiri aakuluwa anatenga njira zosiyana.

A IBM anasankha ma qubit a frequency yosasuntha, chifukwa qubit yopanda waya woisunthira imakhala yotetezeka ku phokoso la maginito. Kuti athane ndi kusalondola kwa fakitale, anayamba kuchuna chip isanalowe m'furiji. Mu 2021 gulu la Jared Hertzberg linafalitsa kafukufuku wosonyeza njira zisanu ndi ziwiri zimene ma frequency a ma qubit oyandikana angawombanire, ndiponso njira yopewera zimenezo. Amayeza junction iliyonse pa kutentha kwa m'chipinda, n'kudziwa frequency imene idzakhale nayo ikazizira, kenaka amaiwotcha pang'ono ndi kuwala kwa laser mpaka ifike pofunikapo. Iwo anati njirayi inawonjezera kulondola pafupifupi kakhumi. Laser imangotsitsa frequency, siikweza, ndiye pulani imayenera kuganizira zimenezi kuyambira pachiyambi. A IBM anachepetsanso anansi: pa ma chip awo ambiri qubit imalumikizana ndi anzake awiri kapena atatu okha. Kuwombana kunachepa, koma panali mtengo wake, chifukwa uthenga wofuna kufika kwa qubit yakutali umadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse limawonjezera mpata wolakwitsa.

A Google, ku labu yawo ya ku Santa Barbara, anasankha ma qubit osunthika. Qubit iliyonse ili ndi ma junction awiri opanga kamkombero, ndipo kawaya kodutsa pafupi kamabweretsa mphamvu ya maginito imene imakweza kapena kutsitsa frequency makina ali m'kati mogwira ntchito. Akafuna kuti ma qubit awiri agawane uthenga, amawasendeza pafupi kwa tizigawo tochepa ta sekondi, makumi angapo mwa magawo 1 biliyoni, n'kuwalekanitsanso. Ufulu umenewu ndi waukulu, koma waya wolowetsa lamulo amalowetsanso phokoso. Qubit yosunthika ili ndi malo amodzi, pansonga pa frequency yake, pamene phokoso la maginito siliikhudza kwenikweni. Injiniya aliyense akanakonda kuika ma qubit ake onse pansongapo. Sangathe, chifukwa akatero amawombana ndi anansi, kapena amakumana ndi mdani wina amene amavuta kuposa onse.

Mdani ameneyu anadziwika kale makompyuta a quantum asanaganiziridwe. Mu 1972 Philip Anderson ndi anzake, komanso W. A. Phillips payekha, anafotokoza kuti m'zinthu zokhala ngati galasi, mmene ma atomu sanandandalikane bwino, muli tizilema timene timadumphadumpha pakati pa malo awiri. Akatswiri amatitchula mwachidule kuti TLS. Mu 2005 John Martinis ndi gulu lake anasonyeza kuti tizilema timeneti, tobisala m'kakhungu ka junction ndi m'zotchingira zina za pa chip, ndito tikudya mphamvu za ma qubit. Martinis ameneyu ndi yemwe uja analandira mphotho ya Nobel mu 2025 pamodzi ndi John Clarke ndi Michel Devoret, chifukwa cha zoyesayesa zawo za ku Berkeley mu 1984 ndi 1985, zimene zinatsegula njira ya ma qubit a mtunduwu. Kachilema kalikonse kali ndi frequency yake. Ikangofanana ndi ya qubit, kachilemako kamayamwa mphamvu, ndipo 1 amasanduka 0 nthawi isanakwane.

Mu 2018 Paul Klimov wa ku Google anaonjeza chinthu chimene chinasintha ntchito yonse. Anayeza ma qubit kwa maola ambiri motsatizana, pa ma frequency osiyanasiyana, n'kuona kuti tizilemati sitikhala malo amodzi. Frequency yake imayendayenda, nthawi zina pang'onopang'ono, nthawi zina mwadzidzidzi. Qubit imene m'mawa inali pamalo abwino imatha kupezeka masana kachilema katailowerera. Tanthauzo lake n'lakuti kuchuna si ntchito yochita kamodzi pomanga makina. Ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kukula kwa ntchitoyi kumaoneka munthu akawerengera. Chip ya Sycamore, imene Google inatchuka nayo mu Okutobala 2019, inapangidwa ndi ma qubit 54, imodzi inakanika, ndipo anagwiritsa ntchito 53. Tiyerekeze kuti qubit iliyonse ili ndi malo 100 oti isankhepo. Njira zogawira malo kwa onse 53 zingakhale nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro 106, kuposa kutalitali chiwerengero cha ma atomu onse m'chilengedwe chimene timatha kuona. Palibe kompyuta ingayese njira zonsezo. Kusuntha qubit imodzi kuti ithawe kachilema kumaiyandikitsa kwa mnansi, kusuntha mnansiyo kumasokoneza wachitatu, ndipo njira imene qubit imadutsa popita kukakumana ndi inzake iyeneranso kukhala yopanda tizilema. Klimov ndi anzake analemba pulogalamu imene anaitcha Snake, imene imayenda pa chip kachigawo ndi kachigawo, kuthetsa vuto laling'ono pamalo amodzi kenaka n'kusunthira patsogolo. Mu 2024 anafalitsa zotsatira zake m'magazini ya Nature Communications: pa chip ya ma qubit 68, kusankha bwino ma frequency kunachepetsa zolakwitsa pafupifupi ka 3.7 poyerekeza ndi chip yomweyo yosachunidwa.

Nambala imeneyo inayenera kukhala mutu wa nkhani. Chip ndi yomweyo, furiji ndi yomweyo, palibe qubit imodzi yoonjezera, koma zolakwitsa zatsika pafupifupi kanayi. Pa sayansi imeneyi n'zochepa zimene zimabweretsa phindu lotere nthawi imodzi, ndipo anthu amene amagwira ntchito yoleza mtimayi ndi oyenera ulemu woposa umene amapatsidwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti njira ziwiri zija tsopano zikuyandikana. Chinsinsi cha Heron chinali tizipangizo tosunthika toikidwa pakati pa qubit ndi qubit, timene timatsegula kapena kutseka kulumikizana kwawo. Ma qubit eniakewo anakhalabe osasuntha, koma IBM inavomereza kuti popanda chinthu chochunika makina ali m'kati, anansi sasiya kusokonezana. Heron yachiwiri, ya ma qubit 156, imene inatuluka mu 2024, inabwera ndi njira yokankhira tizilema kutali ndi frequency ya qubit: m'malo mothawitsa qubit, amasuntha kachilemako. Ndipo mu Novembala 2025 kampaniyo inalengeza chip ya Nighthawk, ya ma qubit 120, mmene qubit imalumikizana ndi anansi mpaka anayi monga mwa Google. Anansi anachuluka chifukwa njira yowatonthozera inali itapezeka.

Pali otsutsa amene amati kuchuna n'kuzemba vuto, osati kulithetsa, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Makampani monga IonQ ndi Quantinuum amagwiritsa ntchito ma atomu enieni, monga a ytterbium, ogwiridwa m'malere ndi mphamvu ya magetsi. Atomu iliyonse ya mtundu umodzi ndi yofanana ndendende ndi inzake, ndiye vuto la fakitale yosalondola kulibe. Koma makina amenewa amawerengera pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi a transmon, ndipo ali ndi zovuta zawo powakulitsa. Ena akulimbana ndi gwero la tizilema, m'zitsulo momwemo. Mu 2021 ofufuza a ku Princeton anasinthanitsa chitsulo cha niobium ndi tantalum, n'kupeza qubit yosunga uthenga kupitirira magawo atatu mwa magawo 10,000 a sekondi. Zikumveka zochepa, koma pamene Yasunobu Nakamura wa kampani ya NEC ku Japan ankalamula qubit yoyamba yojambulidwa ndi chitsulo pa chip mu 1999, uthenga unkatha pafupifupi m'gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Ntchito ya zitsuloyi ndi yofunika ndipo ipitirire. Komabe chitsulo choyera bwanji sichichotsa kuwombana kwa anansi, ndipo ma qubit akamachuluka, mpata woti imodzi ikhale pa kachilema umakulirakulira. Pokonza zolakwitsa, qubit imodzi yodwala imawononga ntchito ya anzake onse oizungulira.

Palinso zimene kuchuna sikungazikhudze n'komwe, ndipo n'kulakwa kuzibisa. Mu 2021 Matt McEwen ndi anzake ku Google anapeza kuti tizinthu tamphamvu tochokera m'mlengalenga, komanso m'miyala ndi m'makoma ozungulira, timagunda chip pafupifupi kamodzi pa masekondi 10 aliwonse, n'kusokoneza ma qubit ambiri nthawi imodzi. Frequency iliyonse imene injiniya angasankhe siipulumuka. Mankhwala ake anali kusintha kamangidwe ka junction yeniyeniyo, ndipo ofufuza ena anafika pokayesera ma chip pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, kumene thanthwe limatchinga zochokera kumwamba.

Zonsezi zinakumana pa chip ya Willow, imene Google inalengeza mu Disembala 2024. Ili ndi ma qubit 105, ochepa kakhumi poyerekeza ndi Condor. Apanso mitu ya nkhani inatola nambala yaikulu: yakuti Willow inamaliza m'mphindi zosakwana zisanu ntchito imene kompyuta yamphamvu wamba ikanatenga zaka zokwana 1 wotsatiridwa ndi maziro 25. Ntchito imeneyo inapangidwira kuyesa makina, ndipo siithandiza mlimi, dokotala kapena banki. Chipambano chenicheni chinali china. Patangopita nthawi pang'ono kuchokera mu 1995, pamene Peter Shor anasonyeza kuti uthenga wa qubit imodzi ungatetezedwe poumwaza pa ma qubit ambiri, akatswiri ankadziwa kuti njirayi imagwira pokhapokha qubit iliyonse ikamalakwitsa mochepera mlingo winawake. Pamwamba pa mlingowo, kuonjeza ma qubit kumangoonjeza zolakwitsa. Pa Willow anamwaza uthenga pa bwalo la ma qubit 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, kenaka 5 ndi 5, kenaka 7 ndi 7, ndipo ulendo uliwonse zolakwitsa zinkatsika ndi theka. Kuti aone ngati zimenezi n'zokhazikika, anabwereza mbali ina ya kuyesako kwa maola 15. Asanayambe, pulogalamu inalosera kumene tizilema tingasunthire n'kuika ma qubit kutali ndi kumeneko, ndipo pakati pa ntchitoyo ankaima n'kuchunanso.

Wowerenga wa kuno angafunse kuti zimenezi zikumukhudza pati. Malonjezo a makinawa amafika pa zinthu zimene amazidziwa. Mu 2017 ofufuza a ku ETH Zurich ndi Microsoft anafotokoza mmene kompyuta ya quantum ingathandizire kumvetsa nitrogenase, chinthu chimene tizilombo tokhala m'mizu ya nyemba, soya ndi mtedza timagwiritsa ntchito potenga nayitirojeni mumpweya. Tizilomboti timachita zimenezi m'nthaka wamba, pamene fakitale ya feteleza imafuna kutentha koposa madigiri 400 ndi mphamvu zochuluka. Kuyambira pamenepo nkhani ya feteleza wotchipa imatchulidwa kawirikawiri pokamba za quantum. Choonadi n'chakuti palibe makina a lero amene angawerengere zimenezo, chifukwa ntchitoyo imafuna ma qubit otetezedwa ambiri, ogwira ntchito nthawi yaitali osasokonezeka. Amene akumva lonjezo lotere afunse za zolakwitsa asanafunse za kukula kwa makina. Manambala amenewo si obisika. Kuyambira 2016 IBM inatsegula makina ake pa intaneti, ndipo mu 2019 yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg inakhala yoyamba mu Africa kulowa m'gulu la mabungwe ogwira ntchito ndi kampaniyo pa quantum. Wophunzira wotsegula tsamba la makinawo amaona mndandanda wa qubit iliyonse, nthawi imene ikusunga uthenga, ndi mmene ikulakwitsira, ndipo akabwerakonso mawa amapeza manambala ena atasintha.

Nkhani ina ndi ya chitetezo cha ndalama ndi mauthenga. Mu 1994 Shor yemweyo anasonyeza kuti kompyuta ya quantum yokwanira ingathyole maloko a masamu monga RSA, amene amateteza zambiri zoyenda pa intaneti. Bungwe la NIST ku America linatulutsa maloko atsopano olimba ku makinawa mu Ogasiti 2024, ndipo mabanki ndi maboma, a kuno omwe, akuyenera kuyamba kusamukirako nthawi ikadalipo, popeza kusintha makina a dziko lonse kumatenga zaka. Craig Gidney wa ku Google anawerengera mu 2019, pamodzi ndi Martin Ekerå, kuti kuthyola loko ya RSA ya ma bit 2,048 kungafune ma qubit 20 miliyoni ogwira ntchito maola asanu ndi atatu. Mu Meyi 2025 anatsitsa chiwerengerocho kufika pansi pa ma qubit 1 miliyoni, koma makinawo ayenera kuyenda osaima kwa pafupifupi sabata yathunthu, akulakwitsa kamodzi kokha pa masitepe 1,000 aliwonse. Kwa sabata yonseyo tizilema tidzakhala tikuyendayenda pakati pa ma qubit pafupifupi miliyoni, ndipo kuima kuti achunenso, monga anachitira pa Willow, kungataye zonse zimene zawerengeredwa. Makina otere adzayenera kumadzichuna okha kuwerengera kuli m'kati, ndipo luso limeneli lero likuyesedwa pa ma chip a ma qubit pafupifupi 100.